Tay wadzadza: ndipite Loweruka kapena ndidikire?

Wa ku Domasi (Dundee):
Moni nonse pagulu pano. Malume a ku Perth ndi ena amene mumawedza, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa kuntchito wandipezera malo owedzera pa mtsinje wa Tay kuno ku Scotland Loweruka likubwerali, chakumunsi kwa Meikleour, kuti ndikayese kuwedza nsomba ya salimoni ndi ntchentche, ija nyambo yopanga yomangidwa pa mbedza. Ndodo ndi zovala zolowera m'madzi andibwereka. Koma mvula yakhala ikugwa kuyambira Lamulungu, ndipo dzulo podutsa pa mlatho ku Perth ndinaona madzi ali psuu, nthambi zikungoyandama. Ndalama akufuna mawa. Ndilipire?

Malume a ku Perth:
Mphwanga, ndalamazo zigwire kaye mpaka mawa madzulo, ndipo uwaimbire a ghillie a pamalopo, amene amayang'anira malowo ndi kuthandiza asodzi, uwafunse mmene akuonera. Anthu amenewa amakhala pamtsinje tsiku ndi tsiku, sakunamiza.

Zimene unaona pa Perth si Tay yense. Pafupi ndi Meikleour ndi pamene mtsinje wa Isla umathira mu Tay, ndipo Isla amadutsa m'minda ya ku Strathmore. Mwezi uno minda yambiri ndi yolimidwa kumene, dothi lili pamtunda, ndiye mvula ikangogwa dothi lonselo limatsikira mumtsinje. Kumtunda kwake, cha ku Dunkeld, madzi ambiri amachokera ku Loch Tay ndi m'nyanja za mu mtsinje wa Tummel, kumene matope amayamba adikha. Tsiku limodzimodzilo munthu wa ku Dunkeld atha kumaponya bwinobwino pamene wa ku Stanley wakhala m'kanyumba akumwa tiyi. Malo ako ali kumunsi kwa Isla, ndiye nkhani yako ndi ya Isla.

Tsegula tsamba la SEPA, bungwe loona za chilengedwe kuno, uone muyezo wa kukwera kwa madzi a Tay wa pa Ballathie ndi wa pa Caputh. Usamangoona nambala, ona kumene mzere ukulowera. Madzi akamakwera nsomba zimakhala paulendo, sizicheuka n'komwe. Akayamba kutsika ndi kuyera, zimaima m'malo opumira, ndipo nthawi yake ndi imeneyo. Madzi akhale ngati tiyi wopanda mkaka, woti ukaima mpaka m'mawondo nsapato zako ukuziona. Akakhala a mkaka, khala kunyumba.

Wa ku Domasi (Dundee):
Zikomo malume. Ndaona, pa Ballathie mzere wasiya kukwera usiku wathawu, wayamba kuwerama pang'ono. Komanso azanyengo akuti Lachinayi kutentha, kufika madigiri 12. Ndiye zikhala bwino eti?

Jere wa ku Aberdeen:
Achimwene, kutenthako ndi kumene kukundidetsa nkhawa ine. M'mapiri mukadali sinowo. Kuno mtsinje wa Dee umachokera ku mapiri a Cairngorms ndipo chaka chilichonse Malichi timaziona: kumwamba kuli mbee, mvula kulibe, koma pofika masana mtsinje wayamba kukwera. Ndi sinowo amene wasungunuka ndi mphepo yofunda. Madzi ake saoneka ofiira ayi, amakhala otuwa mobiriwirako, ndipo ukapisamo dzanja zala zimachita dzanzi nthawi yomweyo. Nsomba zimangoti phee pansi. Ine bola tsiku lozizira bwino usiku, sinowo akhale m'phiri momwemo, mtsinje uzitsika pang'onopang'ono, kusiyana ndi dzuwa lokoma limene likutsanulira madzi oundana mumtsinje.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi. N'kotchipa ndipo kamauza zoona kuposa maso.

Malume a ku Perth:
A Jere anena zoona. Ndiwonjezere za Tummel. Mtsinje umenewu uli ndi madamu a magetsi, ndiye akatsegula makina ku Pitlochry madzi amakwera kumunsi popanda mtambo ndi umodzi womwe. Ukafika pamtsinje zika kamtengo m'mphepete penipeni pamene madzi alekezera, uzikayang'ana ola lililonse.

Za kuzizira kwa madzi, akuluakulu a kuno anaika malire pa madigiri 48 a Fahrenheit, amene ndi pafupifupi 9 athuwa. Madzi akakhala pansi pa pamenepo nsomba siinyamuka kutsata chinthu pamwamba, uyenera kuipititsira pafupi ndi mphuno. Ndiye chingwe chomira, ntchentche yaikulu yomangidwa pa kachubu ka mkuwa, mainchesi awiri kapena atatu. Willie Gunn, ya ubweya wakuda, wachikasu ndi wa olenji, ndi imene ambiri amayambira. Cascade nayonso. Madzi akadutsa malire aja, cha kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, anthu amasinthira ku chingwe choyandama ndi tintchentche ting'onoting'ono. Njira imeneyo anaitchukitsa ndi A.H.E. Wood pa Cairnton, kwanu ku Dee konko a Jere.

Loweruka madzi sangapose madigiri 5 kapena 6. Usavutike kuponya kutsidya. Madzi akachuluka chonchi nsomba imasiya mkokomo wa pakati, imabwera m'mbali mmene madzi akuyenda mofatsa, nthawi zina mamita atatu okha kuchokera pamene waima. Anyamata ambiri amalowa mpaka m'chiuno n'kumaponda pamene pagona nsomba.

NaBanda (Galashiels):
Moni abambo. Ndikuwerenga ndili pa basi. Achimwene a ku Domasi, funso langa ndi lakuti munaponyapo kale ndodo ya manja awiri? Ija ya mafiti 15 si yongoitola n'kuyamba. Kaponyedwe ka Spey kamafuna munthu akuonetseni, makamaka ndi chingwe chomira, chifukwa muyenera kuyamba mwachikweza pamwamba pa madzi musanaponye. Mukapanda kutero kachubu ka mkuwa kaja kamabwerera kumutu kwanu. Magalasi ndi chipewa musachotse.

Ine ndikanati muyambe ndi nsomba ya trout. Pa Tay nyengo yake inatsegulidwa pa 15 Malichi, kuno ku mtsinje wa Tweed timadikira 1 Epulo. Chilolezo cha tsiku kwa mabungwe a asodzi a m'matauni, monga la Kelso kapena la Peebles, n'chotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi malo a salimoni, ndipo nsombazo mumaziona ndi maso zikudya.

Wa ku Domasi (Dundee):
Achemwali, ya manja awiri sindinaigwirepo. Yaing'ono ya trout ndinaphunzirako pa dziwe lina kuno. Koma trout m'madzi ozizira chonchi imadya?

NaBanda (Galashiels):
Imadya, koma ili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi yochepa. Kulawira m'mamawa n'kungodzizunza. Ine ndimafika cha m'ma 11, ndimakhala pa mwala kumunsi kwa kamathithi, ndodo ili pambali, n'kumangoyang'ana madzi. Mtsinje umaoneka ngati mulibe kanthu. Kenako cha m'ma 12 kapena 1 koloko mumayamba kuona timapiko totuwa tikuyandama, tili njo. Amenewo ndi ma Large Dark Olive, tizilombo touluka timene trout imadya, akutuluka m'zikhungwa zawo. Chodabwitsa n'chakuti amakonda tsiku la mitambo, lowaza kamvula, osati la dzuwa. Kukazizira mapiko awo amachedwa kuuma, ndiye amayandama mtunda wautali asanauluke, ndipo trout zazikulu zimene simunaziganizire zimayamba kutulutsa mphuno m'mphepete mwa mkokomo. Mbalame ndi zimene zimakudziwitsani poyamba, timaona timbalame ta m'madzi tikuthamangira malo amodzi.

Mtundu wina, March Brown, ndiye amatuluka mwa chigulu, mphindi khumi mtsinje wonse uli yakaliyakali, kenako zii. Ngati nthawi imeneyo mukumasula mfundo, mwaphonya. Ndiye mangani zonse musanayambe. Ine ndimamanga ntchentche ya Greenwell's Glory, imene inabadwira pa Tweed pompano mu 1854, anaimanga James Wright wa ku Sprouston pomangira Canon William Greenwell. Mpaka lero imagwira. Nsomba zikakhala kuti sizikufika pamwamba ndimaika tija tofewa ta nthenga zochepa, Waterhen Bloa kapena Partridge and Orange, n'kumatiyendetsa pansi pang'ono pa nkhope ya madzi. Ikamakwana 3 koloko zatha, ndimapita kukatenga ana.

Koma nanenso matope amandilepheretsa. Mtsinje wa Teviot ukafiira, Tweed yense kumunsi kwa Kelso, pamene iwiriyi imakumana, wafiira. Zikatero ndimathawira ku timitsinje ta kumtunda, timayera msanga.

Wakunyanja (Glasgow):
Pepani ndilowerere. Ine ndine wa ku Nkhotakota, mbedza ndinaigwira ndisanayambe sukulu. Nkhani yonseyi ndaimva, ya madzi ndi yoona, ngakhale kwathu mtsinje ukadzadza ndi matope sitiponya. Koma chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: mnyamatayu alipira ndalama zake za thukuta, aima m'madzi oundana tsiku lonse, ndipo Mulungu akamudalitsa ndi nsomba ya makilo asanu akuti aibweze. Kwathu munthu wobweza nsomba m'madzi ana ali kunyumba angamuyese wodwala. Ndiye cholinga chake n'chiyani? Komanso kuibaya nsomba pakamwa, kuitopetsa, kenako n'kuisiya, ine ndimaona ngati nkhanza kuposa kuidya.

Malume a ku Perth:
Bambo a ku Nkhotakota, funso lanu ndi lolemera ndipo ngakhale eni dziko ena amalifunsa. Poyamba ndinene za lamulo, kuti mphwangayu asalowe m'mavuto. Ku Scotland salimoni iliyonse yogwidwa tsiku la 1 Epulo lisanafike iyenera kubwezedwa yamoyo. Si pempho, ndi lamulo. Pa Tweed amabweza mpaka kumapeto kwa Juni. Kugulitsa salimoni yogwidwa ndi ndodo n'koletsedwa kuyambira 2002. Lamulungu saloleza kuwedza salimoni. Ndipo ngakhale kuno kulibe laisensi ya ndodo ngati ya ku England, kuponya popanda chilolezo cholembedwa cha mwini malo ndi mlandu wa kukhoti.

Tsono chifukwa chake. Nsomba imene ikulowa mu Tay mwezi uno yakhala m'nyanja zaka ziwiri kapena zitatu, ina yafika mpaka ku Greenland. Ikalowa mumtsinje imasiya kudya. Idzakhala choncho, ikudya mafuta a m'thupi mwake, mpaka Novembala pamene idzaikire mazira m'miyala ya kumtunda kwenikweni. Zambiri mwa nsomba zoyambirirazi ndi zazikazi. Mukapha imodzi mu Malichi mwapha mazira masauzande. Ndipo nsombazi zatha, bambo. Mu 2023 zogwidwa ndi ndodo ku Scotland zinali zochepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kulemba ziwerengero mu 1952, ndipo Disembala wa chaka chomwecho bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika salimoni ya ku Britain pa gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotheratu.

Inu a ku Nkhotakota mukuidziwa mpasa kuposa ine. Nayonso imachoka m'nyanja kukwera Bua kukaswana pa miyala. Mibadwo yake ndi yosiyana ndi salimoni koma ulendo wake ndi womwewo. Mukudziwa zimene zinachitika m'mitsinje imene anthu anatchinga ndi mabiyo kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina, ena n'kuthiramo katupe.

Wakunyanja (Glasgow):
Za mpasa mwandikhudza. Bambo anga ankabwera nazo zazitali ngati mkono, lero mukaipeza pamsika mtengo wake mungathawe. Koma tinene zoona zonse. Mpasa sinathe chifukwa cha munthu wa mbedza imodzi. Mitengo inadulidwa kumtunda, dothi linakwirira miyala imene imaikirapo mazira. Mu Bua yatsalamo chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa. Kunonso ndikukhulupirira kuti si mnyamata wa ku Dundee amene wamaliza salimoni.

Jere wa ku Aberdeen:
Pamenepo sindikutsutsani. Vuto lalikulu lili kunyanja, ana a nsomba amapita ambiri koma obwerera ndi ochepa kusiyana ndi kale. Nyanja ikutentha, chakudya chawo chasuntha. Kumadzulo kwa Scotland kulinso nkhani ya nsabwe zochokera m'makola oweteramo salimoni. Mitsinje nayo ikutentha m'chilimwe, n'chifukwa chake kumtunda kwa Dee akubzala mitengo yambirimbiri m'mphepete kuti madzi akhale pa mthunzi. Ndipo chigumula cha Storm Frank mu Disembala 2015, chija chinamiza nyumba ku Ballater, chinasuntha miyala ya mumtsinje moti maiwe ena amene anthu ankawadziwa anasinthiratu.

Koma za kunyanja ine sindingazikonze. Chimene chili m'manja mwanga ndi nsomba imene yapulumuka zonsezo n'kufika pa mapazi anga. Kuno ku Dee anayamba kubweza mu 1994, ena onse asanaganize. Ikagwiridwa bwino m'madzi ozizira ngati a pano, imachira n'kukaswana. Mbedza ikhale yopanda ndevu, nsomba isatuluke m'madzi, manja anyowe, osaikweza kumchira, osaigoneka pa miyala pofuna chithunzi. Muiyang'anitse kumene madzi akuchokera mpaka ikankhe yokha.

Wakunyanja (Glasgow):
Ndamva. Lamulo ndilitsata, koma mtima wanga sunavomere kuti kumeneko n'kuwedza. Ngati nsomba yatsala pang'ono kutha, bwanji osatseka mtsinje zaka zingapo ipume?

Malume a ku Perth:
Alipo amene amanena zomwezo. Yankho limene ine ndimaliona ndi maso ndi lakuti ndalama za asodzi ndi zimene zimalipira alonda a mtsinje. Eni malo amapereka msonkho ku bodi ya mtsinje, bodiyo ndi imene imalemba anthu oyenda usiku kuthamangitsa a maukonde, ndi kuchotsa zotchinga m'timitsinje. Mukachotsa asodzi m'mphepete, otsala ndi akuba. Koma sindikunena kuti funso lanu latha, ayi.

Mayi a Tada (Zomba):
Ndikukuwerengani kuchokera kumudzi kuno. Achimwene a ku Domasi, trout munaisiya kwanu konkuno! Pa phiri la Zomba mu Mulunguzi muli trout ya rainbow imene azungu anabweretsa nthawi ya atsamunda, ku Mulanje iliko, ndi ku Nyika m'madamu a pa Chelinda. Imakhala kumapiri kokha chifukwa kumunsi madzi ndi ofunda. Amuna anga ankagwira ntchito ya zankhalango ndipo ankati mitengo ikadulidwa m'mbali mwa mtsinje, trout ndi imene imayamba kusowa. Ndiye zimene akunena a Jere za mthunzi si zachilendo. Koma chonde, madzi amene mukuwafotokozawo akundiopsa. Muvale chothandiza kuyandama.

NaBanda (Galashiels):
Mayi anena chinthu chachikulu kuposa zonse talembazi. Tay amatsitsa madzi ambiri kuposa mtsinje wina uliwonse mu Britain. Madzi a madigiri 5 mukagweramo mpweya umabanika nthawi yomweyo, ngakhale mukhale katswiri wosambira. Jekete yodzipopa yokha ivalidwe pamwamba pa zovala zonse. Lamba wa m'chiuno pa ma wader, zovala zolowera m'madzi zija, amangidwe zolimba kuti madzi asalowe msanga. Ndodo yoyendera m'madzi ikhale kumbali imene madzi akuchokera, ndipo phazi limodzi lisanyamuke linzake lisanakhazikike. Mukagwa, gonani chagada, miyendo kutsogolo, musalimbane ndi mkokomo, ukutayirani pa malo osaya wokha.

Wa ku Domasi (Dundee):
Ndawaimbira a ghillie. Akuti Isla wayamba kuyera, ndipo ngati Lachinayi sikusungunula sinowo wambiri, Loweruka madzi adzakhala okwera koma abwino. Akuti sindilowa kupitirira m'mawondo, ndipo ola loyamba andiphunzitsa kuponya. Jekete ali nazo. Ndalipira. Malume, nsomba ikagwira ndidzatani?

Malume a ku Perth:
Usadzachite kanthu. Apa ndi pamene a trout amataya nsomba, chifukwa dzanja linazolowera kukoka msanga. Salimoni imatenga ntchentche n'kutembenuka kubwerera pamalo pake. Udzamva chingwe chikulemera pang'onopang'ono, mwina kugogoda kawiri. Isiye ipite nacho mpaka wilo ilire, kenako kweza ndodo mofatsa.

Kayendedwe ndi aka: uyambire kumutu kwa dziwe, ponya chopingasa molozera kumunsi, chingwe chizungulire chokha mpaka chifike mbali yako, dikira pang'ono chili chilendewerere, yenda phazi limodzi, ponyanso. Usalowe kumunsi kwa munthu amene wayamba kale, umayambira kumbuyo kwake. Zimenezi kuno amazitenga ngati ulemu waukulu.

China, mwezi uno mumtsinje muli ma kelt ambiri, nsomba zimene zinaswana chaka chatha ndipo zikubwerera kunyanja. Zina zimawala ngati zatsopano ndipo zimanyenga anthu. Uyang'ane thupi: kelt ndi yowonda, mutu waukulu, mimba yafwapa, zipsepse zong'ambika, ndipo m'makha mwake mumakhala timphutsi. Yatsopano ndi yonenepa, msana wakuda mobiriwira, mnofu wolimba, nthawi zina nsabwe za m'nyanja zikadali pafupi ndi mchira, kusonyeza kuti yalowa masiku awiri kapena atatu apitawo. Zonse ziwiri zimabwerera m'madzi, koma m'buku amalemba yatsopano yokha.

Jere wa ku Aberdeen:
Lachisanu m'mawa: usiku kunagwa chisanu kuno, magalasi a galimoto anaundana. Kutentha kwa dzulo sikunafike m'mapiri kwenikweni. Dee akutsika. Ndaonanso Ballathie, nayenso akutsika bwino. Achimwene, mwina mwapeza tsiku.

Wa ku Domasi (Dundee):
Ndabwerako abale. Madzi anali okwera, madigiri 5, nsapato ndimaziona. M'mawa wonse unapita ndi kuphunzira kuponya, phewa likuwawa mpaka pano. Cha m'ma 2 dzuwa litatuluka, kumchira kwa dziwe, pafupi kwambiri ndi gombe monga munanenera malume, chingwe chinalemera. Ndinawerenga mumtima osakoka, wilo inalira. Inali kelt, yaitali koma yowonda, timphutsi m'makha ndinationa ndi maso anga a ghillie atatsegula pang'ono. Anaichotsa mbedza ili m'madzi, ine ndinaigwira kumchira ndi pansi pa chifuwa mpaka inandipulumuka. Bambo wina amene anali kumtunda kwathu anagwira yatsopano, akuti yolemera mapaundi 12, nsabwe zili pomwepo. Ndinathamanga kukaiona isanabwezedwe. Kusiyana kwake ndi yanga kunali koonekeratu. Kamtengo kanga kanasonyeza kuti madzi anatsika ndi zala zitatu tsiku lonse.

NaBanda (Galashiels):
Mwachita bwino kudikira osakoka, ambiri tsiku loyamba zimawakanika. Tsopano bwerani ku Tweed sabata yachiwiri ya Epulo, tizilombo touluka ta Grannom tisanayambe kutuluka. Sitima ya ku Edinburgh imafika ku Galashiels, chilolezo tidzagula m'tauni. Mudzasamale ndi tinsomba tasiliva totalika ngati chikhatho timene timagwira ntchentche nthawi imeneyo. Ndi ana a salimoni akupita kunyanja, mamba awo amasupuka msanga, ndiye timawamasula osawakhudza n'komwe.

Wakunyanja (Glasgow):
Achemwali, ine ndibwera nawo kudzaona ntchentche zanuzo zikutuluka. Koma mundiuzenso kumene munthu angagwire nsomba yopita nayo kunyumba mosaphwanya lamulo.

NaBanda (Galashiels):
Kulipo bambo. Maiwe amene amathiramo trout ya rainbow yoweta ali ponseponse, ngakhale kufupi ndi Glasgow. Mumagula tikiti ya nsomba ziwiri kapena zitatu ndipo mumapita nazo. Tikachoka kumtsinje 3 koloko tidzadzera ku lina la kufupi kuno. Mubwere ndi chikwama chozizira, ndipo mundiuze saizi ya nsapato zanu ndikubwerekereni ma wader.